Sikani yati m'mutu mulibe vuto, nanga dzanja la abambo likunjenjemereranji?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Area 25:

"Adokotala, abambo anga ali ndi zaka 67. Anali aphunzitsi a ku pulayimale, anapuma ndipo akukhala ndi ine. Patha chaka ndi theka dzanja lawo lamanja likunjenjemera, makamaka akangokhala phee. Akanyamula kapu limayamba lasiya. Akuyenda mokhwekhwereza mapazi, mawu akutuluka otsika, ndipo zolemba zawo zachepa mpaka sitikutha kuwerenga. Kuchipatala anati mwina ndi Parkinson. Anawajambula CT, zotsatira n'kubwera zoti m'mutu mulibe vuto. Kumudzi ayamba kale kunena kuti ngati makina sanaone kanthu ndiye kuti ndi za anthu. Achimwene anga amene ali ku Johannesburg akuti tiwatumize kumeneko akajambulidwe MRI ndi DaTscan, ndiponso anawerenga pa intaneti kuti masiku ano kompyuta ikuzindikira matendawa pomvetsera mafunde a ubongo. Tili ndi kapuloti kamene tikuganiza zogulitsa kuti ulendowu utheke. Kodi makina amene angatiuze zoona ndi ati?"

Mayi, pepani ndi matenda, ndipo mwachita bwino kufunsa puloti isanapite. Mtima ukhale m'malo: CT yosaonetsa vuto ndi imene timayembekezera kwa munthu wa Parkinson. Makina sanalakwitse, dokotala sananame, ndipo palibe chofuna kuombeza apa. Sindingatsimikize matenda kudzera m'kalata yanu yokha, koma zimene mwafotokozazi madokotala akhala akuzidziwa kuyambira 1817, pamene James Parkinson wa ku London anazilemba ataona anthu 6 okha, ena mwa iwo akuyenda mumsewu. Analibe makina alionse. Mpaka lero matendawa amapezeka ndi maso ndi manja a dokotala, ndipo sikani imabwera kudzayankha mafunso ena apadera.

Mkati mwenimweni mwa mutu, pamene ubongo ukuyamba kutsikira ku msana, pali kachigawo kakuda kotchedwa substantia nigra. Maselo a pamenepo amapanga dopamine, mankhwala achilengedwe otumizira uthenga mu ubongo, n'kuitumiza ku chigawo china, striatum, chimene chimathandiza munthu kuyamba kuyenda, kusintha liwiro ndi kutembenuka osachita kuganizira. Ubongo wonse uli ndi maselo a mitsempha pafupifupi 86 biliyoni, koma opanga dopamine a pamalo amenewa sakwana ngakhale 1 miliyoni. Mu Parkinson maselowa amafa pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, ndipo pofika tsiku limene dzanja layamba kunjenjemera, pafupifupi theka amakhala atapita kale. Mwa otsalawo mumapezeka timibulu ta puloteni yotchedwa alpha-synuclein, imene yapindika molakwika n'kuundana. Zimenezi zimaoneka pa maikulosikopu. CT imajambula mutu m'magawomagawo ndi X-ray, ndipo imaona zinthu zazikulu: magazi otayikira mkati, chotupa, chipsera cha sitiroko, madzi ochuluka m'mphako za ubongo. Kutha kwa timaselo tochepa chonchi singakuone.

Komabe ndalama ya CT ija sinapite pachabe. Okalamba ena amagwa n'kuiwala zoti anagwa, magazi n'kumasonkhana pansi pa chigaza kwa masabata. Ena madzi a mu ubongo sayenda bwino, mapazi n'kumakanirira pansi, mkodzo n'kumawapulumuka, nzeru n'kumabwerera m'mbuyo. Amafanana ndi a Parkinson koma thandizo lawo ndi opaleshoni. CT ya abambo yatichotsera nkhawa zimenezo.

Kupima kwenikweni kumatenga mphindi 20 kapena 30 m'chipinda cha dokotala, ndipo chimene timayamba kufuna si kunjenjemera ayi, koma kuchedwa. Timauza wodwala kuti agunditse chala chachikulu ndi chamkombaphala, motambasula ndiponso mwachangu, koposa ka 10. Munthu amene wangokalamba amachedwa, koma mpata wa zala zake susintha. Wa Parkinson amayamba bwino, kenako mpatawo umanka nuchepa, n'kumadodoma, mwina kuima kumene. N'zomwezo zikuchitika pa zolemba za abambo: mzere umayamba ndi zilembo zazikulu, pofika kumapeto zafota. Kenako timapinda ndi kuwongola dzanja iwo atalekerera kuti timve ngati likulimba, n'kuwayendetsa pakhonde kuti tione ngati mkono umodzi wasiya kugwedezeka, ndiponso amaponda kangati potembenuka. Ndondomeko imene bungwe la Movement Disorder Society linatulutsa mu 2015 imati pakhale kuchedwa kumeneku, kuphatikizapo kulimba kwa minofu kapena kunjenjemera kwa munthu atapuma. Timafunsanso zimene mabanja saziyesa nkhani. Anasiya liti kumva fungo la ndiwo? Amadzimbidwa? Amamenya kapena kukuwa kutulo ngati akulimbana ndi munthu? Zitatuzi zimatha kuyamba zaka 10 kapena kuposerapo dzanja lisananjenjemere.

Musanaganize za ndege, tsegulani kabuku kawo ka kuchipatala ndi jumbo ya mankhwala. Haloperidol, chlorpromazine ndi jakisoni wa fluphenazine a matenda a maganizo, metoclopramide ndi prochlorperazine a nseru ndi chizungulire, cinnarizine, komanso sodium valproate wa khunyu, onsewa amatha kubweretsa zizindikiro za Parkinson. Ambiri mwa iwo amatseka pamene dopamine imafikira, maselo ali amoyo ndithu. Akasinthidwa munthu amachira, ngakhale zimatenga masabata kapena miyezi. A maganizo ndi a khunyu musawasiyitse nokha, asinthe ndi amene anawalemba. Salbutamol wa mphumu ndi chithokomiro chogwira ntchito mopyola zimanjenjemeretsanso, koma manja onse awiri, mwachangu, munthu akawatambasula. Palinso kunjenjemera koyenda kumtundu, essential tremor, kumene kumavuta pomwa tiyi ndi posaina, nthawi zina mutu n'kumagwedezekanso, kuyenda kuli bwinobwino. Za abambo anu zatembenuka: akagwira kapu dzanja limakhazikika.

Mayeso achiwiri ndi mankhwala enieniwo. Levodopa, imene ubongo umaisandutsa dopamine, yakhala mankhwala aakulu a matendawa kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo palibe ena aiposa. Imabwera yosakaniza ndi carbidopa kuti isathere m'magazi isanafike ku ubongo. Kawirikawiri dokotala amayamba ndi theka kapena piritsi limodzi la 100/25 (levodopa mamiligalamu 100, carbidopa 25) katatu patsiku, n'kumakweza pang'onopang'ono pa masabata angapo. Muziona nambala ya pabokosi nthawi zonse pogula, chifukwa pali lina la 250/25, ndipo kuwasokoneza kumabweretsa kusanza ndi chizungulire. Amwe mphindi 30 asanadye kapena ola limodzi atadya. Nyemba, usipa, mazira ndi nyama zimalimbirana njira ndi levodopa m'matumbo, ndipo mapiritsi a ayironi owonjezera magazi amaimanga, choncho amenewo atalikirane nayo ndi maola 2. Ndiwo asasiye, ingosiyanitsani nthawi. Munthu amene ankavutika kumanga mabatani akayamba kuvala yekha, kudzuka pampando osagwirizizidwa, mawu n'kubwerera, umboni umenewo umalemera kuposa chithunzi chilichonse. Chimene chimalakwika kawirikawiri n'choti wodwala amapatsidwa mlingo wochepa kwa masabata awiri, banja n'kugamula kuti mankhwala sakugwira. Mwa munthu amene zizindikiro zake zakula ndithu, sitinena kuti levodopa yalephera asanafike pa mamiligalamu 600 patsiku. Ndipo musaweruze poyang'ana dzanja lokha, pakuti kunjenjemera n'kumene kumakonda kuvuta kumvera mankhwala. Yang'anani liwiro ndi kayendedwe.

MRI imagwiritsa ntchito maginito amphamvu ndi mafunde a wailesi, ndipo imaonetsa mnofu wa ubongo bwino kuposa CT. Koma MRI wamba ya munthu wa Parkinson nayonso imatuluka yabwinobwino. Lipoti likhoza kutchula "atrophy", kutanthauza kufota kwa ubongo pang'ono, kapena timadontho toyera ta mitsempha ing'onoing'ono ya magazi. Pa zaka 67, makamaka ngati pali BP kapena shuga, zimenezo zimapezeka mwa anthu ambiri opanda Parkinson, choncho zisakudzidzimutseni. MRI timaifuna nkhani ikapotoka: munthu akugwa pafupipafupi m'zaka 3 zoyambirira, maso akukanika kuyang'ana pansi, akutsamwa kapena mawu asokonekeratu msanga, akukomoka akaimirira chifukwa BP yatsika kwambiri, mkodzo ukuvuta kuyambira pachiyambi, vuto lili m'miyendo mokha, kapena levodopa yokwanira sinasinthe kanthu. Apo timaganizira matenda ena ofanana nawo, monga PSP ndi MSA, amene amathamanga kwambiri ndipo amafotetsa zigawo zina za ubongo moonekera pa chithunzi.

Dziwaninso kuti ma MRI safanana. Mphamvu ya maginito imayezedwa mu tesla. Makina amene anaikidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008 anali a 0.35 tesla, ndipo anagwira ntchito yaikulu: ndi amene anathandiza ofufuza kuonetsa mu 2015 kuti ana omwalira ndi malungo a mu ubongo amaphedwa ndi kutupa kwa ubongo. Kutupa kumaoneka pa makina otere, koma kuona mkati mwa substantia nigra kumafuna 3 tesla ndi kajambulidwe kapadera kotsata ayironi. Pamenepo, mwa munthu wabwino, kamzere kowala kamagawa malo akudawo pawiri, n'kuoneka ngati mchira wa namzeze. Mu Parkinson kamzereko kamazimirira. Ofufuza a ku Nottingham anafotokoza chizindikirochi mu 2014. Vuto lake n'lakuti chimazimiriranso mu PSP ndi MSA, mutu ukangogwedezeka pang'ono chithunzi chimabalalika, ndipo chimafuna woziwerenga wozolowera. Tsiku lina mukadzati mulipire MRI, funsani kaye zitatu: ndi ya tesla zingati, dokotala akufuna kuona chiyani, ndipo zotsatirazo zisintha chiyani pa chithandizo.

DaTscan imajambula ntchito ya maselo, osati maonekedwe a ubongo. Wodwala amayamba wamwa mankhwala a ayodini oteteza chithokomiro, pafupifupi ola limodzi asanabayidwe. Kenako amabayidwa mumtsempha mankhwala otchedwa ioflupane, okhala ndi iodine-123 wotulutsa cheza chochepa. Mankhwalawa amakakamira pa timakomo timene nsonga za maselo zimabwezera dopamine mkati. Pakatha maola 3 mpaka 6, kamera imazungulira mutu kwa mphindi 30 mpaka 45. Mwa munthu wabwino mbali zonse ziwiri zimawala ngati mipatuliro iwiri yoyang'anana. Mu Parkinson mchira wa mpatulirowo umatha, n'kutsala mpumiro, kuyambira mbali yotsutsana ndi dzanja lodwala; kwa abambo anu tingayembekezere kumanzere. Ku Ulaya anaivomereza mu 2000, ku America mu 2011. Iodine-123 amataya theka la mphamvu yake pa maola 13 alionse, moti sasungika m'kabati, amachita kuitanitsira tsiku la wodwalayo. N'chifukwa chake imapezeka m'zipatala zikuluzikulu zokha ndipo mtengo wake ndi wokwera. Sikani ina yotchedwa PET imachita zofananazo pogwiritsa ntchito mankhwala a fluorodopa, koma fluorine-18 wake amatha theka pa mphindi 110, choncho kwambiri ndi ya kafukufuku.

DaTscan imayankha funso limodzi basi: nsonga za dopamine zatha kapena zilipo? Imathandiza dokotala akakhala pakati, osadziwa ngati ndi Parkinson, essential tremor kapena mankhwala. Singasiyanitse Parkinson ndi PSP kapena MSA, chifukwa monsemo nsongazo zimatha. Sinena mlingo wa mankhwala. Kwa munthu amene zizindikiro zake zili poyera ngati abambo anu, ngati levodopa yawathandiza, mungapite ku Johannesburg n'kubwera ndi chithunzi chokongola, koma piritsi la m'mawa mwake likhala lomwe lija.

Za mafunde a ubongo, achimwene anu sanawerenge zabodza. Maselo a ubongo amalankhulana ndi timagetsi, ndipo akamagwira ntchito m'magulu timagetsito timakwera ndi kutsika ngati mafunde. Timawatchula potengera kuti akubwereza kangati pa sekondi: theta ndi ka 4 mpaka 8, alpha ka 8 mpaka 13, beta ka 13 mpaka 30. Dopamine ikachepa, maselo a kachigawo kakuya kotchedwa subthalamic nucleus amayamba kugunda limodzi pa liwiro la beta, mwamphamvu ndiponso motalikitsa kuposa muyeso. Pa msika wa Nsungwi malonda amayenda chifukwa aliyense akulankhula zake ndi kasitomala wake. Onse atati azikuwa mawu amodzi nthawi imodzi, phokoso lingakule koma palibe angagule kanthu. N'chimodzimodzi mu ubongo: uthenga woti phazi linyamuke umasowa podutsa. Levodopa ikayamba kugwira, beta imatsika, ndipo kutsika kwakeko kumayenderana ndi mmene kuchedwa ndi kulimba kwa minofu kwachepera. Kunjenjemera sikutsatira beta, kuli ndi njira yakeyake yodutsa ku zigawo zina za ubongo zotchedwa thalamus ndi cerebellum, ndipo ichi chimathandiza kumvetsa chifukwa chake dzanja limatha kupitiriza kunjenjemera munthu akuyenda bwino.

Chofunika n'kudziwa kumene mafundewa anawamvera. Anawamvera mkati mwa ubongo, kudzera pa mawaya a opaleshoni yotchedwa DBS, imene inayambira ku Grenoble ku France kwa Alim-Louis Benabid ndi anzake mu 1987. Masiku ano timawaya tiwiri timalowetsedwa pa timabowo ta chigaza mpaka pa subthalamic nucleus kapena kachigawo koyandikana nako, batire n'kuikidwa pansi pa khungu la pachifuwa, n'kumatumiza timagetsi pafupifupi ka 130 pa sekondi. Mu 2013 gulu la Peter Brown ku Oxford linaonetsa kuti chipangizo chikhoza kumvetsera beta n'kumayatsa magetsi pokhapokha ikakwera, ndipo mu Febuluwale 2025 bungwe la FDA la ku America linavomereza chipangizo cha Medtronic chochita zimenezo tsiku ndi tsiku. Ndi chitukuko chenicheni. Koma DBS ndi ya munthu amene wamwa levodopa kwa zaka, imamuthandiza ndithu, koma tsopano ikumuthera msanga kapena ikumugwedeza thupi mosalamulirika, ndipo nzeru zake zili bwino. Sichiza matenda, imafuna katswiri wosintha makinawo pafupipafupi, batire losachajidwa limasinthidwa pakatha zaka 3 mpaka 5, ndipo bala likalowa tizilombo chipangizo chimatha kuchotsedwa. Abambo anu sali pamenepo.

EEG ya kuchipatala, imene imamvetsera mafundewa kuchokera pamwamba pa mutu, ndi nkhani ina. Timabatani pafupifupi 21 timamatidwa pamutu, munthu n'kukhala mphindi 20 mpaka 30, kutseka ndi kutsegula maso. Timagetsi tofika pakhungu ndi tochepa zedi, timayezedwa m'magawo a volti imodzi itagawidwa ka 1 miliyoni, ndipo pafupifupi tonse timachokera pamwamba pa ubongo. Subthalamic nucleus ndi ya mamilimita ochepa ndipo ili masentimita angapo pansi. Pamwamba pa apo pali phokoso: kuphethira, kukukuta nsagwada, thukuta, batani losamata bwino, magetsi a m'nyumba amene kuno amagunda ka 50 pa sekondi. Choipitsitsa, dzanja la Parkinson limanjenjemera ka 4 mpaka 6 pa sekondi, ndendende pamene pali theta, moti kugwedezeka kwa waya kumatha kuoneka ngati mafunde a ubongo. EEG ndi yofunika kwambiri pa khunyu. Pa Parkinson sitiidalira popeza matenda.

Ofufuza amasefa phokosolo, n'kudula zojambulazo m'zidutswa za masekondi ochepa, n'kugwiritsa ntchito masamu a Fourier kuwerengera mphamvu ya theta, alpha ndi beta m'chidutswa chilichonse. Manambalawo amapatsidwa kwa kompyuta kuti iphunzire kusiyanitsa odwala ndi osadwala. Chimene chapezeka mobwerezabwereza n'choti odwala amene mafunde awo ayamba kuchedwa ali pa chiopsezo chodzavutika ndi kuiwala. Koma mukaona pa intaneti kuti kompyuta yapeza Parkinson molondola ka 95 kapena 99 pa 100, funsani kuti anthu ake anali angati. Kawirikawiri amakhala makumi ochepa. Nthawi zina zidutswa za munthu mmodzi zimapezeka pophunzitsa ndi poyesa pomwe, kompyuta n'kuloweza munthuyo m'malo mwa matenda. Ndiponso amafananitsa odwala oonekeratu ndi anthu athanzi, ntchito imene dokotala aliyense amaichita wodwala akungolowa pakhomo. Funso lovuta, loti uyu ndi wa Parkinson kapena wa mankhwala kapena wa essential tremor, ndi limene likufunika kuchipatala. Ndipo chonde, makina a m'tauni muno ogwiritsa munthu kachitsulo m'manja, kompyuta n'kutulutsa matenda a thupi lonse, kenako n'kumugulitsa mabotolo, sayeza ubongo ngakhale pang'ono. Musawatengereko abambo.

Kafukufuku amene ndikumuona kuti asintha zinthu ndi wotsata anthu omwewo chaka ndi chaka. PPMI, imene bungwe la Michael J. Fox Foundation linayambitsa mu 2010, imasonkhanitsa DaTscan, MRI, magazi ndi madzi a pamsana, ndipo mu 2023 inaonetsa kuti kuyeza madzi a pamsana kumapeza alpha-synuclein yopindika ija mwa odwala pafupifupi 88 pa 100. Chaka chomwecho, kafukufuku wa anthu ambiri a ku Nigeria, amene mmodzi wa atsogoleri ake anali Njideka Okubadejo wa ku University of Lagos, anapeza kusintha kwa jini ya GBA1 kumene kumakweza chiopsezo mwa anthu ochokera ku Africa, chinthu chimene kafukufuku wa azungu okha sanachione. Ife tikusowa m'mabuku amenewa, choncho kafukufuku woona akabwera n'koyenera kumuganizira. Funsani ngati ali ndi chilolezo cha makomiti ounika kafukufuku m'Malawi muno, monga NHSRC kapena COMREC, werengani fomu m'Chichewa, ndipo musalipire kanthu.

Chida choyezera chimene chingathandize abambo sabata ino chili m'thumba mwanu. Ajambuleni pa foni atakhala pampando, manja pa maondo, akuwerenga chobwerera kuchokera pa 100, pakuti ubongo ukatanganidwa kunjenjemera kumatulukira. Kenako atambasule manja, agunditse zala masekondi 10 dzanja lililonse, ayende mamita 10 n'kutembenuka, thupi lonse likuoneka. Alembe chiganizo chimodzi papepala, muikepo deti. Chitani zimenezi m'mawa asanamwe mankhwala, mubwerezenso patatha ola limodzi atamwa, kamodzi pamwezi. M'kope muzilemba nthawi imene amwa, imene thupi lamasuka ndi imene laumanso. Dokotala amasintha mlingo potengera zimenezi.

Ndalama za achimwene anu zipite kaye ku levodopa yosadukiza. Imatha kusowa, choncho muzikhala ndi ya mwezi umodzi yapadera, ndipo isasiyidwe mwadzidzidzi. Ikasowa ena amapatsidwa benzhexol, amene ambiri amamutcha Artane. Amachepetsa kunjenjemera, koma kwa munthu wa zaka 67 amasokoneza mutu, amadzimbitsa ndipo amatseka mkodzo, makamaka ngati prostate yakula. Mudzamvanso za kalongonda. N'zoona kuti nyemba zake zili ndi levodopa, ndipo madokotala ayesapo ufa wake ku Bolivia ndi ku Ghana, koma mlingo umasiyana mbewu ndi mbewu, mulibe carbidopa, kuwiritsa kotaya madzi kumaichotsa, ndipo wosapsa bwino amasanzitsa ndi kuzunguza mutu. Musayese popanda dokotala. Chachiwiri ndi mafizo: kuyenda mphindi 30 masiku ambiri pasabata, kuponda motalikitsa, kuwerenga nyuzipepala mokweza mawu. Mapazi akakanirira pakhomo musawakoke. Awerenge "wani, thu" kapena adumphe mzere umene mwalemba pansi ndi choko. Chotsani timikeka toterera, ndipo njira ya kuchimbudzi ikhale yowala usiku. Pemphani ku chipatala chanu cha Area 25 kalata yopitira ku kiliniki ya madokotala aakulu ku Kamuzu Central. Ngati pakatha miyezi 3 mpaka 6 ya mlingo wokwanira palibe kusintha, kapena zizindikiro zopotoka zija zaoneka, apo ndi pamene kukaonana ndi katswiri wa ubongo n'kujambula MRI kuli ndi phindu.

A kumudzi afotokozereni mofatsa, pakuti nawonso akufuna abambo achire. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu oposa 8.5 miliyoni padziko lonse anali ndi matendawa. Sapatsirana pa mbale kapena pa bulangete, ndipo odwala ambiri alibe wachibale wina wodwala. Ukalamba ndiwo chiopsezo chachikulu, ndipo mankhwala ena a kumunda monga paraquat akhala akutchulidwa m'kafukufuku. Apemphere nawo, awayendere, koma mapiritsi asaimitsidwe chifukwa cha zitsamba kapena kusala kudya.

Thamangani nawo kuchipatala tsiku lomwelo ngati mkono kapena mwendo wafooka mwadzidzidzi, kamwa lapotoka kapena mawu asokonekera, chifukwa Parkinson sabwera mwadzidzidzi ndipo zimenezo ndi za sitiroko. Chimodzimodzi akagwa n'kumenyetsa mutu, akamatsamwa kenako n'kuyamba chifuwa ndi kutentha thupi, kapena akauma thupi lonse ndi kutentha atasiya levodopa. Akasokonezeka mutu kapena kuyamba kuona anthu amene palibe m'masiku ochepa, kawirikawiri chayambitsa ndi matenda a m'chikhodzodzo, malungo, kudzimbidwa kapena mankhwala atsopano, ndipo zimenezo zimachizika. Akagonekedwa pa chifukwa china chilichonse, tengani mapiritsi awo ndi pepala la nthawi zomwera, muuze anamwino kuti nthawizo zisasinthe, ndipo mukumbutse adokotala kuti metoclopramide, prochlorperazine ndi haloperidol asawapatse.